Mini Cooper pa Chitunda cha Thabwa

Anyamata a masiku ano akamakamba za galimoto yothamanga amayambira ku injini. Ife amene tinakulira pansi pa magalimoto m'zaka za m'ma 1970, girisi ali mpaka m'zigongono, tinkafunsa kaye kuti ikathamanga choncho iima bwanji. Amene anandizoloweza funso limeneli ndi madala ena omwe ndinkawagwirira sipanala pagalaja ina ku Limbe, ndipo sukulu yake inali kagalimoto ka Mini Cooper.

Mini inatuluka ku Britain mu 1959. Amene anaijambula, Alec Issigonis, ankafuna kuti anthu anayi akwane m'kagalimoto kotalika mamita atatu okha, ndiye anachepetsa matayala mpaka malimu a mainchesi 10. Nzeruyo inagwira, koma inabala vuto lake. Buleki imakhala m'kati mwa limu, ndipo m'limu laling'ono mumangolowa buleki yaing'ono. Pa Mini wamba ya 848cc madilamu ankakwanira. John Cooper, katswiri wa magalimoto a mpikisano, atawonjezera mphamvu mu 1961, kutsogolo kunaikidwa timadisiki ta mainchesi 7, timapadi take ngati bokosi la machesi. Cooper yoyambayo, ya 997cc, inkadziwa kuthamanga kuposa kuima.

Ya mtundu umenewu ndiyo inkabwera kwathu. Mwini wake anali mnyamata wogwira ntchito kuminda ya tiyi ku Thyolo, wokonda kutsikira ku Chikwawa Loweruka. Msewu wa Thabwa mumaudziwa: umachoka ku Blantyre, pamtunda wa mamita oposa 1,000, n'kutsetsereka mokhotakhota mpaka kuchigwa cha Shire, kumene dzuwa silichita nthabwala. Tsiku lina anafika pagalaja milomo ili gwaa. Akuti pafupi ndi kumunsi anaponda buleki, chopondera chili cholimba bwinobwino, koma galimoto ikungopita. Madala sanamuyankhe. Anavula tayala la kutsogolo, n'kundiitana.

"Iwe mnyamata, tanunkhiza apa. Ukumva chiyani?"

"Kupsa, madala."

"Basi, matenda ake ndi amenewo."

Kenako anakhala pa tayala lija n'kuyamba kufotokoza, monga ankachitira akasangalala. Ntchito ya buleki ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha, n'kutaya kutenthako mumphepo. Liwiro likawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Pamsewu wosalala umaponda kamodzi, chitsulo n'kupuma. Pachitunda sichipuma, ndipo kadisiki kakang'ono kamadzaza msanga. Mapadi akapyola muyeso wake, utomoni umene unawamata umayamba kupsa n'kutulutsa utsi, padi n'kumangoterereka padisiki. Mwendo umamva ngati zonse zili bwino, ndiye kuopsa kwake.

Matenda achiwiri amamvekera kumwendo. Chopondera chimafewa, chimamira mpaka pansi. Apo ndiye kuti mafuta a mabuleki awira. Mafuta sapanikizika, koma nthunzi imapanikizika, choncho ukaponda ukungofinya thovu m'mapaipi. Chimene anthu ambiri sachilabadira n'chakuti mafuta amenewa amamwa chinyezi cha mumpweya. Pamuyeso wa DOT 3, atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi muyesowo umatsika kufika pa 140. A DOT 4 ndi 230 ali atsopano, 155 atamwa madzi. Madala manambalawa sankawatchula. Ankangoyang'ana mtundu wa mafuta, akada n'kunena kuti atayidwe. Madilamu nawo ali ndi khalidwe lawo: akatentha amafutukuka n'kuthawa mashu, chopondera n'kutalika.

Mwini galimoto ankafuna servo, poti anamva kuti Cooper S ili nayo. Madala anamuuza kuti servo imapeputsa mwendo basi, siiziziritsa chilichonse. Chofunika pa Cooper S, imene inatuluka mu 1963, chinali madisiki a mainchesi 7.5, ochindikala, okhala ndi makalipa ndi mapadi okulirapo. Theka la inchi limamveka ngati chibwana, koma kagalimoto ka mabuleki amenewa ndi komwe kanapambana mpikisano wa Monte Carlo m'mapiri a Alps: Paddy Hopkirk mu 1964, Timo Mäkinen mu 1965, Rauno Aaltonen mu 1967. Zithunzi zawo zodulidwa m'magazini zinali pakhoma la galaja yathu, pafupi ndi kalendala, ndipo madala ankawatchula anthu amenewa ngati akumudzi kwawo.

Zipangizo za mabuleki a Cooper S zinaitanitsidwa kunja, tinadikira mpaka mvula inagwa. Sizinali zongomanga lero n'kunyamuka, chifukwa zinakhudza mahabu ndi malimu omwe. Mapadi tinaika a Ferodo DS11, amene a mpikisano ankawakonda. Kumbuyo tinangosintha mashu, poti galimoto ikamaima kulemera kumathamangira kutsogolo ndipo ntchito yaikulu imagwiridwa kumeneko.

Gawo langa linali kupopa. Ndinkakhala pampando wa dalaivala, madala ali chagada pansi ndi kasipanala ndi botolo la Fanta lolandirira mafuta akale. "Popa! Popa! Gwira! Usasiye!" Chopondera n'kumira pansi pa phazi langa. "Siya!" Tayala lililonse choncho, kuyambira lakutali ndi silinda yaikulu, mpaka m'botolo musaonekenso thovu. Mwendo unkachita dzanzi, koma ndinkanyadira, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene sipanala boyi ankaloledwa kugwira chiwongolero cha Cooper.

Adzukulu anga ali ndi anzawo a ma Swift Sport ndi ma Vitz RS ochokera ku Japan. Amapenta makalipa kufiira, amagula malimu onyezimira, koma ukatsegula kabotolo ka mafuta a mabuleki umapeza omwe galimoto inakwera nawo sitima. Opanga ambiri amati asinthidwe pakatha zaka ziwiri, ndipo mtengo wake sufika pa wa limu limodzi. Ine ndimati mafuta kaye, mapadi abwino pambuyo, madisiki aakulu ngati zimenezo zalephera. Ambiri safikako n'komwe kumadisiki.

Cooper ija itatha kukonzedwa, madala anakana kuipereka pagalaja. Anatenga mwini wake, ine ndili kumbuyo, mpaka ku Thabwa. Anayamba ndi kuwazoloweza mapadi, kuponda mobwerezabwereza popanda kuimiratu. Pachitunda anamulamula giya yachiwiri, kuti injini ithandize kugwira. Ponda molimba msewu usanakhote, kenako chotsa phazi, buleki ipume. Kumangoikhudza pang'onopang'ono njira yonse ndiko kumaipsereza. Titafika kumunsi anamuletsa kuima phazi lili pachopondera, poti padi imadinda disiki yotentha, ndipo anamuchenjeza kuti asadzayese kuthira madzi. Ndinayandikitsa dzanja palimu, kutentha kunalipo ndithu, koma fungo lija kunalibe.

Patapita sabata mnyamata uja anabweranso ndi dandaulo lina. Akuti m'mawa, pochoka kunyumba kuli nkhungu ya ku Thyolo, mabuleki akulira ndipo sakugwira msanga. Madala anaseka mpaka kutsokomola. Mapadi a mpikisano amafuna atenthe kaye, anamuuza, ndiye asankhe yekha kumene akufuna kuvutikira, pachipata cha kwawo kapena ku Thabwa. Anasankha pachipata.