Nkhadze ndi Mipanda ya Njerwa

Kwathu ku Dedza, ndili mwana, khomo la munthu linkadziwika ndi nkhadze. Inkazungulira khola la ng'ombe, inkatchinga bafa, ndipo kumanda ndiyo inkasonyeza pamene mwana sayenera kupitirira. Agogo ankati makolo awo ankaibzala mothithikana kuzungulira mudzi wonse pa nthawi ya nkhondo za Angoni. Sindinaonepo munthu akuithirira. Unkangodula nthambi, kuisiya pamthunzi kuti utomoni uume, n'kuizika pansi, basi. Mu Okutobala, msipu utapsa ndipo mitengo ili mbee, iyo inkakhala yobiriwirabe, chifukwa imasunga madzi m'timitengo take tonenepa tija, masamba ake n'ngochepa ndipo sachedwa kuyoyoka.

Tinkaiopanso. Utomoni wake woyera ngati mkaka ukagwera m'diso umawotcha koopsa, munthu amatha masiku osaona bwino. Mwana aliyense ankadziwa zimenezi asanayambe sukulu.

Kenaka kunabwera njerwa. Amene wapeza kandalama ankazula nkhadze n'kumanga mpanda wautali, pamwamba n'kuika mabotolo oswa. Nkhadze inasanduka chizindikiro cha umphawi, chinthu chakumudzi. Koma njerwazo zinkawotchedwa ndi nkhuni, ndipo misuku ndi mitengo ina ya m'mapiri mwathu inathera m'mauvuni. M'kati mwa mipandayo anthu anabzala kapinga ndi maluwa ogula m'mbali mwa msewu, ofuna madzi m'mawa ndi madzulo. Ine ndimati kumeneko kunali kugula ludzu ndi ndalama zako.

Chilala cha 2016 chinaonetsa zimenezi poyera. Mipopi ya ku Lilongwe inkauma masiku angapo motsatizana, kapinga anafiira, maluwa aja anauma. Mu 2024 mvula inadulanso, mpaka boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28.

Pano nkhadze ndikuiona ikubwerera mwakachetechete, makamaka kwa amene agula mapuloti kunja kwa tauni ndipo ndalama ya simenti sinakwane. Enanso akuiika m'miphika pakhonde ngati duwa, zomwe agogo akanaseka nazo mpaka misozi. Ine ndinabzala yanga kumbuyo kwa nyumba, kutali ndi posewerera ana. Podulira ndimavala magalasi ndi magolovesi, ndowa ya madzi ili pambali. Aneba anga amadandaulabe kuti ndawabweretsera zakumanda pakhomo, koma nthambi zobzala kumunda kwawo anadzapempha kwa ine.