Beseni la Madzi Ofunda

Chaka chatha ndinalemba mayeso a mbiri ya Mpingo ndipo ndinakhoza bwino. Ndinadziŵa kuti m'chaka cha 325 mabishopu anasonkhana ku Nicaea nagwirizana kuti Yesu ndi Mulungu weniweni, ndi kuti mu 451 ku Chalcedon anatsimikiza kuti Yesu yemweyo ndi Mulungu wathunthu komanso munthu wathunthu. Ndinalembanso za anthu ena akale, amene mabuku amaŵatcha ma Docetist. Iwoŵa ankaphunzitsa kuti thupi la Yesu linali chithunzithunzi chabe, poganiza kuti Mulungu sangadzidetse ndi thukuta, njala ndi magazi. Ndinaŵatsutsa m'masamba anayi athunthu, osadziŵa kuti inenso ndinali mmodzi wa iwo.

Nditapita kumudzi patchuthi cha Khrisimasi, ndinapeza bambo anga atafa ziwalo mbali imodzi. Munthu amene ankalima ekala ziŵiri yekha tsopano sankatha kudzitembenuza pamphasa. M'chipinda mwawo munali fungo limene ndinalithaŵa masiku atatu, ndikunamizira kuŵerenga.

Tsiku lachinayi mayi anandiitana kukhitchini.

"Iwe, tenga beseni ili ukaŵasambitse bambo ako. Ine msana wandikana lero."

"Amayi, ndiyambe ndaŵapempherera kaye," ndinatero.

Anandiyang'ana nthaŵi yaitali, nati, "Mulungu akanafuna kungotumiza mawu, akanavutikiranji kubadwira m'khola?"

Mayi anga analekeza sukulu mu Sitandade 3, ndipo za Chalcedon sanazimvepo. Koma tsiku limenelo anandiphunzitsa zimene masamba anga anayi sananene. Yesu anagwira ntchito ya umisiri ku Nazareth mpaka manja kuchita zikang'a. Anatopa nakhala pachitsime ku Samariya, anakhudza wakhate amene ena ankamulambalala, anasambitsa mapazi afumbi a ophunzira ake. Ngati Mulungu sanachite manyazi ndi thupi, ine ndine yani kuti ndinyansidwe ndi thupi limene linandibala?

Ndinanyamula beseni. Manja anga ankanjenjemera, ndipo bambo anatembenuzira nkhope kukhoma chifukwa cha manyazi. Tonse aŵiri sitinalankhule. Nditafika kumapazi, ndinaona ming'alu imene munda unasiya m'zidendene zawo, ming'alu imene inandilipirira sukulu. Pomaliza anandigwira dzanja ndi dzanja lawo lamoyo lija, osalisiya msanga.

Anzanga, ife a pano pa koleji timadziŵa kukonda anthu tili patali. Timakangana za umphaŵi m'chipinda chodyera mpaka usiku, koma mayi wotikolopera sitimudziŵa ndi dzina lomwe. Sindikunena kuti ndasintha kwenikweni. Fungo lija limandivutabe. Chimene ndaphunzira n'chakuti chikhulupiriro choopa kunyowa m'manja ndi chiphunzitso chomwe chija ndinachitsutsa pamayeso.

Tchuthi chikubwerachi ndikupitanso kumudzi. Sopo ndagula kale.