Kamphika kanga kophikira mazira



Belu la sukulu silidikira munthu amene akukupizabe mbaula. N'chifukwa chake ndinagula kamphika kamagetsi kophikira mazira ku Limbe. Patangotha miyezi iwiri, kanangoti zii! Ndinadandaula kuti wogulitsa wandidyera ndalama.

Kachiwiri anandibweretsera mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 4, pochokera ku Johannesburg. Pulagi yake inali ya mano obulungira, osalowa m'masoketi athu. Ndinaikapo adaputa yotchipa, koma inasungunuka.

Wokonza zamagetsi pa Zalewa ndiye ananditsegula maso. Anadula pulagi ija n'kuikapo yathu yokhala ndi fyuzi. Anati magetsi akathima ndizizula kamphikako, chifukwa pobwera nthawi zina amadza ndi mphamvu yoononga. Anatinso zoyera zimene madzi a pamjigo amasiya pansi pake ndizizichotsa ndi madzi a mandimu.

Kameneka katha zaka zitatu tsopano. Koyamba kaja ndinkakasiya pasoketi usana ndi usiku, ndipo sindinakatsukepo ndi mandimu. Kodi wolakwa analidi wogulitsa uja?