Fayilo Inanyamula Mizere, Matabwa Anatsala

Pa tchuthi chapitachi, akuluakulu a kwathu ku Chirunga anatipempha ife achinyamata atatu kuti tikonze pulani ya denga la kalasi ya ana. Denga lakale linasasuka ndi mphepo. Tinavomera msanga, poti tinali ndi laputopu komanso kanzeru ka kusukulu.

Tinagawana ntchito. Mmodzi anajambula phaso ndi mitanda mu AutoCAD. Wina anali ndi pulogalamu yowerengera ngati denga lingapirire kulemera kwa malata ndi mphamvu ya mphepo yotsika m'phiri la Zomba. Kuti chojambulacho chichoke uku kupita uko, tinachisunga mu fayilo ya DXF, mtundu umene kampani ya Autodesk inayambitsa mu 1982. Pulogalamu yachiwiri inatsegula fayiloyo, inawerengera, n'kutiuza kuti zonse zili bwino.

Tinapita ndi mapepala kwa bambo wina wachikulire, kalipentala amene wakhoma madenga ambiri mu Zomba. Anayang'ana kwa nthawi, kenako anati, “Ana anga, paini woonda chonchi pa mpata waukulu ngati uwu? Apinda mvula isanathe.”

Tinabwerera ku laputopu tili ndi manyazi. Bambowo ankanena zoona. Fayilo yathu inanyamula mizere yokha. Sinanene kuti mzere uwu ndi thabwa la paini, ndipo ife sitinasinthe zimene zinali kale mu pulogalamu, choncho inawerengera ngati ndi chitsulo. Chitsulo chimakana kupinda kuposa paini pafupifupi ka 20. Tinapezanso mizere iwiri imene pa chojambula inkaoneka yolumikizana, koma inasiyana ndi mamilimita ochepa.

Vutoli ndi lakale. N'chifukwa chake akatswiri anagwirizana za mitundu ya mafayilo monga STEP ndi IFC, imene imatha kunyamula dzina la chinthu, kukula kwake ndi chimene chapangidwira. Komabe munthu ayenera kufufuza. Mu 1999 chombo cha Mars Climate Orbiter chinatayika chifukwa pulogalamu ina inkapereka manambala m'mapaundi pamene inzake inkayembekezera manyutoni.

Tinayambiranso. Tinalemba mtundu wa thabwa lililonse, tinaona mfundo iliyonse, ndipo mtanda umodzi tinauwerengera pamanja kuti tiyerekeze. Matabwa anakula, mtengo wake unakwera, ndipo tinachita kukafotokoza pamaso pa akuluakulu kuti tinalakwitsa. Pansi pa dengalo pazikhala ana, ena mwa iwo ang'ono athu.