Ku Varanasi ndi Ophunzira Asanu ndi Mafunso Awo

Chaka chilichonse achinyamata a ku Malawi amakwera ndege kupita ku India kukachita maphunziro a ukachenjede. Ena amapita pa thandizo la boma la India, ena amalipiriridwa ndi makolo. Amanyamula ufa, usipa, zitenje, Baibulo kapena Korani, koma za chipembedzo cha eni dzikolo amangodziwa zomwe anamva m'minibasi: "amwenye amapembedza ng'ombe." Chonsecho amwenye ambiri a m'mashopu a ku Limbe ndi ku Lilongwe ndi Asilamu. Ku India zinthu n'zosiyana. Kalembera wa 2011 anapeza kuti anthu pafupifupi 80 mwa 100 aliwonse kumeneko ndi Ahindu. Ndiye wophunzira wathu amapezeka akugona chipinda chimodzi, kudya ndi kulemba mayeso ndi anthu omwe sadziwa n'komwe zomwe amakhulupirira.

Ine digiri yanga ndinaipezera konko. Ndisanabwerere kumudzi ndinatenga ophunzira asanu a chaka choyamba kupita nawo ku Varanasi, mzinda womwe Ahindu amauona kuti ndi wopatulika kwambiri. Mnzanga wa m'kalasi, Mhindu wobadwira momwemo, anavomera kuti tikafikire kwa makolo ake. Lamulo linali limodzi: safunsa anadya phula, ndiye funsani chilichonse, koma funsani eni ake.

Ng'ombe za ndani?

Varanasi, yomwe ena amaitcha Banaras kapena Kashi, ili m'chigawo cha Uttar Pradesh, m'mbali mwa mtsinje wa Ganga. Kuchokera ku Delhi sitima yothamanga imatenga maola pafupifupi 8. Ukatuluka pa siteshoni umalandiridwa ndi mahutala osalekeza, akabaza a njinga za matayala atatu, ndi fungo la lubani losakanikirana ndi la mafuta okazingira. Ukamayandikira kumtsinje misewu imasanduka tinjira topanikiza moti galimoto silowa. M'kanjira kotereka ndi momwe tinakumana ndi nkhunzi itagona pakati penipeni, anthu akuilambalala osaikalipira.

Mtsikana wa ku Mzimba, yemwe bambo ake ali ndi khola, sanapirire. "Achimwene, ng'ombe zonsezi mwini wake ndani? Kwathu iyi ikanalowa kale mumphika!"

Mnzanga uja anaseka. Anati iwo ng'ombe saiyesa Mulungu. Amaitcha mayi, chifukwa munthu akasiya bere la mayi ake amapitiriza ndi mkaka wake. Mkakawo amamwa mu tiyi, amapangira chambiko ndi mafuta omwe amayatsira nyale popemphera, ndipo ndowe amaziumitsa n'kuphikira. Kunyumba kwawo chapati choyamba kuchoka pamoto chimakhala cha ng'ombe. Ku Uttar Pradesh lamulo loletsa kupha ng'ombe lilipo kuyambira 1955. Koma sanabise mbali inayo. Zambiri mwa ng'ombe zoyendayendazi ndi zomwe eni ake anazitaya zitasiya kutulutsa mkaka, ndipo zimadya majumbo a pulasitiki pamtaya. Anawonjezeranso kuti si Ahindu onse omwe sadya nyama. Ambiri amadya nkhuku, mbuzi ndi nsomba, makamaka a ku Bengal ndi a m'mbali mwa nyanja.

Chizindikiro cha pachitseko

Titafika pakhomo, mnyamata wina yemwe anakhoza bwino History pa MSCE anangoti chilili. Pachitseko panali patajambulidwa swastika yofiira. Anandinong'oneza: "Bigi, uku si kwa anthu a Hitler uku?" Ayi ndithu. Chizindikirochi Ahindu akhala akuchigwiritsa ntchito kwa zaka masauzande monga chofunira nyumba mafuno abwino. Amachijambula pazitseko, pa galimoto yatsopano, ngakhale pa buku la maakaunti a shopu. Chipani cha Nazi chinangochitenga mu 1920 n'kuchiipitsira mbiri ku Ulaya.

Nsapato tinazisiya panja. M'kati, pakona ya chipinda chochezera, panali kashelefu ka zithunzi ndi tiziboliboli, nyale yaing'ono ndi maluwa achikasu. M'mawa uliwonse mayi a mnzangayo akasamba amayatsa nyaleyo, kuliza kabelu, kuika maluwa atsopano, kenako n'kukathirira kachitsamba kotchedwa tulsi komwe kali pabwalo. Zonsezi amazichita asanalawe kanthu.

Mtsikana wa ku Zomba ndi yemwe anafunsa funso lomwe aliyense anali nalo. "Mayi, milungu yonseyi wamkulu ndi uti?"

Mayiwo amalankhula Chihindi, mwana wawo n'kumatimasulira. Anati, "Uyu amanditcha mayi. Bambo akewa amanditcha mkazi wawo. Kwathu komwe ndinabadwira ndine mwana. Kodi ndilipo angati?" Kwa iwo Mulungu ndi mmodzi, koma anthu amamufikira kudzera m'maina ndi maonekedwe osiyanasiyana. Banja lawo limatsatira Shiva, monga ambiri a ku Varanasi. Anzawo oyandikana nawo nyumba amatsatira Vishnu. Mwana akamapita kukalemba mayeso amapempha kwa Saraswati, wa maphunziro, kapena kwa Ganesha, wa mutu wa njovu uja, yemwe amati amachotsa zopinga. Bambo a m'nyumbamo anadula mawu n'kunena kuti mukafunsa nyumba ina mukamva yankho lina. Chihindu chilibe munthu mmodzi yemwe anachiyambitsa, chilibe buku limodzi lokha, chilibenso tsiku limodzi lomwe onse amayenera kusonkhana ngati Lamulungu kapena Lachisanu.

Mbale ya maswiti

Nkhani inavuta apa. Atamaliza kupemphera, mayi aja anabwera ndi mbale ya maswiti a mkaka omwe anali ataikidwa pakashelefu paja. Amawatcha prasad: chakudya chomwe chaperekedwa kaye kwa mulungu, kenako n'kugawidwa kwa anthu ngati dalitso. Kumupatsa mlendo prasad ndi ulemu waukulu.

Mnyamata wa ku Nkhoma, woimba kwaya kutchalitchi kwawo, anaumitsa manja pamaondo. Mnzake wa ku Mangochi, Msilamu, anayang'ana pansi. Ife tinakula tikuuzidwa kuti chakudya cha eni sakana, komanso tinakula tikuuzidwa za zoperekedwa nsembe. Mbale inali ikuyandikira.

Wa ku Nkhoma uja ndiye analimba mtima. Anaimirira, n'kugwira pachifuwa. "Mayi, pepani kwambiri. Mwatilandira bwino, koma chikhulupiriro changa sichindilola kudya zomwe zaperekedwa nsembe."

Mnzanga anamasulira. Panali zii kwa kanthawi. Kenako mayiwo anapukusa mutu mwa chimwenye muja, n'kulowa kukhitchini, n'kubwera ndi bokosi lomwe munachokera maswitiwo. "Awa sanafike pakashelefu. Idya, mwana wanga." Anatiuza kuti iwonso sadya m'nyumba yomwe mwaphikidwa nyama, ndipo anzawo Achisilamu oluka nsalu za sari mumzindamo amadziwa zimenezo, sakhumudwa nazo.

Awiri mwa ophunzirawo anadya prasad, atatu anadya za m'bokosi. Usiku umenewo anatsutsana mpaka mochedwa, mavesi akutuluka uku ndi uku, ndipo sanagwirizane. Koma onse anaona chinthu chimodzi: kukana mwaulemu, n'kunena chifukwa chake, sikunaphe chibale. Chomwe chikanawawa mayi aja n'kulandira switiyo kenako n'kukaitaya kuseri.

Pamtsinje m'bandakucha

Tinadzuka cha m'ma 5 koloko kukakwera bwato pa Assi Ghat. Ghat ndi masitepe amiyala otsikira kumtsinje, ndipo ku Varanasi alipo oposa 80, ondondozana m'mbali mwa madzi. Dzuwa likamatuluka tsidya linalo, anthu amakhala ali kale m'madzi mpaka m'chiuno, akutunga madzi m'manja n'kuwathira moyang'ana kum'mawa. Pafupi nawo wina akuchapa, wina akutsuka mano, ana akusambira.

"Koma madziwa ndi abwino eti?" anafunsa wa ku Zomba, akuyang'ana majumbo ndi maluwa ofota akuyandama.

Mnzanga anayankha mosazungulira kuti iye samwa. Mumtsinjewu mumalowa zonyansa za m'mizinda ndi za m'mafakitale, kuphatikizapo a zikopa a ku Kanpur, kumtunda kwake. Boma la India linayambitsa ntchito yoyeretsa mtsinjewu mu 2014, yotchedwa Namami Gange, koma nkhondoyo ikadalipo. Mayi ake, komabe, amasunga madzi a Ganga m'kabotolo kamkuwa, ndipo munthu akamamwalira amamudonthezera pakamwa. Kwa iwo kuyera kwa mzimu ndi ukhondo wa madzi ndi nkhani ziwiri zosiyana. Iye ndi mayi akewo amakangana za izi nthawi ndi nthawi.

Kumene moto suzima

Bwato litayandikira Manikarnika Ghat, wopalasa anatiuza kuti tibise mafoni. Apa sajambula. Ndi malo otenthera mitembo, ndipo moto umayaka usana ndi usiku. Tinaona amuna atanyamula mtembo pa machira ansungwi, wokutidwa ndi nsalu zowala, akutchula dzina la Rama. Anauviika kaye mumtsinje, n'kuugoneka pa mulu wa nkhuni zomwe amagula pa sikelo. Woyatsa moto kawirikawiri amakhala mwana wamwamuna wamkulu, atavala zoyera, mutu atameta mpala. Pakatha maola ngati atatu, phulusa limapita m'madzi.

M'bwato munali chete. Kenako wa ku Nkhoma anati, "Ameta? Ngati kwathu pomaliza maliro!"

Mnzanga anafotokoza kuti kwa Mhindu thupi lili ngati chovala. Mzimu sufa, umabadwanso, ndipo momwe udzabadwire zimatengera ntchito zomwe munthu anachita, zomwe amati karma. Cholinga chachikulu ndi moksha, kumasuka ku kubadwa ndi kufa kobwerezabwerezaku. Amakhulupirira kuti wofera ku Kashi amamasuka. N'chifukwa chake okalamba ena amabwera kudzadikira imfa mumzindawu, ndipo kuli nyumba ngati Mukti Bhawan zolandira anthu otere ndi abale awo.

Mtsikana wa ku Mzimba, yemwe agogo ake anamwalira iye atangofika ku India, misozi inalengeza. "Ndiye manda alibe? Ukawasowa agogo ako umapita kuti?"

Mnzanga anamukumbutsa chithunzi cha nkhalamba chomwe chinali pakhoma kunyumba, chovekedwa nkhata ya maluwa. Amenewo ndi agogo ake. Chaka chilichonse banja limawakumbukira popereka timibulu ta mpunga ndi madzi, n'kudyetsa anthu. "Sadaka," anatero wa ku Mangochi, motsitsa mawu.

Funso lomwe linalibe yankho lokoma

Anthu omwe amasonkhezera motowo ndi kusamala malowo ndi a mtundu wotchedwa Dom. Wophunzira wina anawayerekeza ndi adzukulu. Koma pali kusiyana kwakukulu. Kwathu mdzukulu akachoka kumanda n'kusamba, amabwerera kukhala munthu ngati wina aliyense. A Dom amabadwira m'ntchitoyo, ndipo kwa zaka mazanamazana anthu a magulu apamwamba ankawaona ngati osayenera kukhudzidwa. Malamulo aakulu a dziko la India, omwe anayamba kugwira ntchito mu 1950, anathetsa mchitidwe wosala anthu moterewu. Yemwe anatsogolera kulemba malamulowo, B. R. Ambedkar, nayenso anali wochokera m'gulu losalidwa.

"Ndiye zinatha?" anafunsa wa History uja.

Mnzanga anakanda m'mutu. Anati m'kalasi ndi m'sitima anthu amakhalira limodzi, koma ikafika nkhani ya ukwati mabanja ambiri amafunsabe kuti mnyamatayo kapena mtsikanayo ndi wa gulu liti. Makolo ake omwe, omwe anatilandira bwino chotere, akumufunira mkazi wa m'gulu lawo. Iye sakugwirizana nazo, koma sanawauze. Palibe yemwe anawonjezera funso lina pamenepo.

Madzulo pa Dashashwamedh Ghat

Dzuwa litalowa tinakakhala pa masitepe a Dashashwamedh Ghat, pomwe tsiku lililonse pamachitika mwambo wolemekeza mtsinje wotchedwa aarti. Ansembe achinyamata amaima pamzere, kuliza zigoba za nkhono za m'nyanja, kufukiza lubani, n'kumazunguza nyale zamkuwa zoyaka malawi ambirimbiri, onse mofanana, mabelu akulira. Anthu amadzaza masitepe ndi mabwato. Ena mwa ife anangoonerera manja ali m'thumba, ndipo palibe anatifunsa chifukwa chake. Omwe anatiyandikira ankangofuna kujambulitsa nafe, chinthu chomwe munthu wakuda aliyense ku India amachidziwa, ndipo nthawi zina chimatopetsa.

Ngati mukupita kumeneko, zofunika kukumbukira ndi zochepa. Vulani nsapato polowa m'nyumba ndi m'kachisi. Perekani ndi kulandira ndi dzanja lamanja. Valani zobisa mapewa ndi maondo. Makachisi ena salola anthu a zipembedzo zina kulowa m'kati, ndiye funsani pakhomo. Kachisi wa Vishwanath wa pa Banaras Hindu University, sukulu yomwe Madan Mohan Malaviya anaiyambitsa mu 1916, amalandira aliyense.

Usiku womaliza, tikudya mpunga ndi mphodza ndi manja, mayi aja anatembenuza nkhani. Anati tawafunsa zambiri, tsopano nawonso afunse. Kwanu munthu akamwalira mzimu wake umapita kuti? N'chifukwa chiyani mumameta? Mwana wawo anawaonetsapo vidiyo ya Gule Wamkulu pa foni: ovinawo ndi anthu kapena mizimu, ndipo Akhristu ndi Asilamu a kwanuko amati chiyani za iwo?

Ophunzira asanu aja anayang'anana. Wa ku Nkhoma anayamba kufotokoza, wa ku Mzimba n'kumudula kuti kwawo sizitero, wa ku Mangochi n'kunena kuti kwawo n'zosiyananso. Mnzanga analephera kumasulira chifukwa onse ankalankhula nthawi imodzi. Mayiwo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya sari, n'kuuza mwana wawo kuti atiwonjezere mpunga, chifukwa nkhaniyi sitha msanga.