Chimanga chathu chili ndi kwawo

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene ndinakuphunzitsani Bayoloje mu Fomu 3 ndi 4, lero ndili ndi mlandu woti ndiulule. Kwa zaka zambiri ndinkakuuzani za chimanga ngati munthu wochidziwa kuyambira ku mizu mpaka ku ngayaye. Koma amene anandichotsa chimbenene ndi mayi wina wophika m'kalesitilanti kakang'ono ku Honduras, munthu woti sanagwirepo choko.

Munali mu 2018 pamene ndinapita kudzikolo, lomwe lili ku Central America, ndi kagulu ka aphunzitsi a sayansi kukaona masukulu akumidzi. Kumapeto kwa ulendo, mnzathu wa komweko amene ankatimasulira Chisipanishi anatitengera ku Copán Ruinas, katawuni ka misewu yoyala miyala pafupi ndi malire a Guatemala. M'mawa tinazungulira mabwinja a mzinda wakale wa anthu a mtundu wa Maya, malo omwe UNESCO inawaika pamndandanda wa malo ofunika kusungidwa mu 1980. Pofika 1 koloko njala inali itandikwapula. Anzanga anapita kuhotela, ine ndinapempha womasulira uja kuti anditengere kumene iyeyo amadya.

Malo otere kumeneko amati comedor. Anali matebulo anayi, mipando ya pulasitiki, ndi wailesi ikulira pashelefu. Panalibe pepala losankhira zakudya, umadya zimene mayi aphika tsikulo. Kuseri kunkamveka phaphapha, ngati wina akuwomba m'manja pang'onopang'ono. Anali mwana wawo wamkazi akupamantha tortilla, timikate tachimanga topyapyala, n'kumatiponya pachiwaya chophwatalala chomwe amati comal.

Mbale itabwera anandiuza kuti imeneyo ndiye plato típico, chakudya chenicheni cha pakhomo. Munali nyemba zofiira zimene anaphika, kuzinyenya n'kuzikazinganso. Munali nthochi zikuluzikulu zakupsa zokazinga, kanyama ka ng'ombe kootcha, tchizi choyera chamchere, kachidutswa ka peyala, ndi mantequilla, kirimu wowawasira ngati chambiko. Pambali panali chismol, tomato wodula timizidutswa ndi anyezi, tsabola wobiriwira ndi madzi a mandimu. Ine kuyang'ana, mumtima ndinati, ndiwo zokhazokha izi, nanga nsima ili kuti? Womasulira anaseka n'kuvundukula kansalu komwe munali tortilla zisanu zotentha. Umanyema, n'kutapira nyemba ndi dzanja. Pamenepo ndiye ndinamva ngati ndili kwathu.

Koma fungo lake linali lachilendo, osati la chigumu kapena la chimanga chootcha. Nditafunsa, mayi aja anandiitanira kukhitchini. Anandionetsa mphika wa chimanga chonyikidwa m'madzi achikasu, kenako kachitini ka ufa woyera. Amati cal. Womasulira anati ndi laimu. Ine ndinati, laimu yemweyu timapaka m'makoma a kalasi? Anati mtundu wake ndi womwewo, kungoti wophikirayo amakhala wosasakaniza ndi kanthu.

Apa ndi pamene ndinalakwa. Ndi mawu aja a m'kalasi, ndinauza mayi aja kuti laimu si chakudya, ndipo nditabwerera patebulo tortilla zotsalazo sindinazikhudzenso. Iwo sanakwiye. Anangoti, "Profe, agogo anga laimu akasowa ankathira phulusa. Popanda zimenezi ufa sugwirana, ndipo chimanga sichikhala bwino m'mimba." Profe ndi mmene amaitanira mphunzitsi kumeneko. Anafotokoza kuti amawiritsa chimanga ndi laimu pang'ono madzulo, n'kuchisiya chigone m'madzimo. M'mawa amachitsuka kangapo mpaka khungu lake litachoka, n'kupita nacho kuchigayo chikadali chonyowa. Chotuluka ndi phala lolimba lomwe amati masa.

Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Ndinatsegula intaneti pafoni, ndipo manyazi anandigwira. Njira imeneyi dzina lake ndi nixtamal, mawu ochokera m'chiyankhulo cha Nahuatl cha ku Mexico. Vitamini B3, niacin uja, m'chimanga alimo koma ndi womangika, thupi silitha kumutenga. Madzi a laimu kapena a phulusa amamumasula. Amaonjezeranso calcium, ndiponso amachepetsa poizoni wa chuku, aflatoxin. Tsono inu a Fomu 4, mukukumbukira matenda osowa niacin amene ndinkakulowezetsani poyandikira MSCE? Pellagra: khungu lothetheka m'malo omenyedwa ndi dzuwa, kutsegula m'mimba, kusokonekera mutu. Ndinkakupatsani zizindikiro, koma sindinadzifunsepo chifukwa chake eni ake chimanga, amene amachidya katatu patsiku, matendawa sanawavutitse kwenikweni.

Inde, ndati eni ake. Chimanga chinayamba kulimidwa kum'mwera kwa Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, kuchokera ku udzu wotchedwa teosinte. Ku Africa chinafika pa zombo cha m'ma 1500. Mbewu inawoloka nyanja, koma nzeru yophikira inatsala kumtunda. N'chifukwa chake pellagra inazunza alimi osauka a ku Spain ndi ku Italy m'ma 1700, komanso a kum'mwera kwa United States kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ndipo si nkhani yakutali yokha. Mu 1990 anthu oposa 18,000 mwa abale athu othawa nkhondo ku Mozambique anadwala pellagra m'Malawi muno, mtedza utasowa pa chakudya chomwe ankalandira. Anatsala ndi chimanga chambiri ndi ndiwo zochepa.

Musandimve molakwa, sindikunyoza nsima. Amayi athu nawo ali ndi sayansi yawo. Nsinjiro m'masamba, nyemba, usipa, zimenezi n'zimene zimatiteteza ku matendawa. Ngakhale phulusa timalidziwa, si paja timatcheza chidulo chophikira therere? Kungoti ife phulusalo tinalipititsa ku ndiwo, iwo analipititsa ku chimanga. Chimene chinandipweteka n'chakuti ine, amene ndimalandira malipiro chifukwa chodziwa zinthu, ndinadzudzula munthu amene ankadziwa kuposa ine, kukhitchini kwake komwe, chakudya chake chili m'mimba mwanga.

M'mawa basi isananyamuke ndinabwerera ku comedor kuja ndi womasulira. Ndinapepesa. Mayi aja anaseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni, n'kunena kuti alendo ambiri amachita mantha ndi laimu koma wobwera kudzapepesa ndinali woyamba. Anandipatsa khofi wakuda ndi baleada, tortilla ya ufa wa tirigu yopinda pakati, mkati muli nyemba zonyenya, mantequilla ndi tchizi. Ine ndinapempha kuti awonjezere tortilla ziwiri za chimanga, zomwe zija ndinazisiya dzulo lake. Potuluka ndinawerenga ndalama zawo za lempira kuti ndilipire zonse, koma za ziwirizo anakana.

Chibwerereni, ndikafika pamutu wa mavitamini sindiyambanso ndi tchati. Ndimapereka homuweki yoti aliyense akafunse agogo kapena amayi ake chinthu chimodzi chimene amachita pophika, ndi chifukwa chake. Amanyikiranji chinangwa chowawa? Amathiriranji chidulo? Mayankho timawayesa ndi buku, ndipo nthawi zambiri buku limangotchula dzina la chinthu chomwe agogo akhala akuchita kuyambira kale.

Inu amene munandidutsa m'manja 2018 isanafike, phunziro limeneli ndinakumanani. Ndakubwezerani lero. Amene agogo anu alipo, kachiteni homuwekiyo, ndipo tikakumana mudzandiuze zimene ananena.