Botolo limene mphwanga anabweretsa ku Sakubva

Kwa zaka 29 ntchito yanga inali yotsegula mabotolo a vinyo amene sindinkamwa. Ndinayamba uweyitala mu 1979 pa hotela ina ya m'mapiri a Vumba, mzinda wathu uno ukutchedwabe Umtali, ndipo ndinasiya mu 2008, chaka chimene malipiro a mwezi wathunthu ankatha mphamvu munthu usanafike nawo pa msika wa Sakubva. Bambo anga, amene anachokera ku Ntcheu wapansi kudzera ku Tete, anali khukhi wa azungu. Ndiwo anandiphunzitsa kuti botolo umaligwira dzina lake likuyang'ana mlendo, ndipo mtengo wake suutchula mokweza. Ndayamba ndi zimenezi kuti awerengi adziwiretu kuti amene akukamba nkhani ya vinyoyi si mpondamatiki ayi. Ndi woperekera chabe.

Mu Ogasiti 2023, pa tchuthi cha Heroes pamene mabanja ambiri kuno amavundukula ziliza, nafenso tinasonkhana kumanda a ku Dangamvura kukumbukira malemu mlongo wanga. Mwana wake wachisamba, amene ndi namwino mu mzinda wa Sacramento ku California, anabwera patatha zaka 11 tisanaonane. Mwambo utatha, alendo atabalalika, anandiitanira kuchipinda natulutsa kabokosi m'chikwama chake.

"Malume," anatero, "munatsegulira azungu zaka zonse zija. Ili mutsegule lanu."

Munali botolo la vinyo wofiira wa mtundu wa Cabernet Sauvignon, wochokera ku chigwa cha Napa. Ndinalandira ndi manja awiri, misozi ili m'maso. Koma m'mawa mwake mayi a kunyumba, pokonza m'chipindamo, anapeza lisiti pansi pa kabokosi kaja. Madola 280 a ku America. Anandibweretsera kapepalako ndili pakhonde, nandifunsa motsitsa mawu kuti mlendo asamve: "Bambo, kodi m'menemu muli mankhwala a matenda anji?"

Sindinaseke, chifukwa ndinadziwa chimene chinali m'mtima mwawo. Denga la khitchini yathu linali litadontha dzinja lonse. Mdzukulu wathu anali kuyembekezera mayeso a Fomu 4. Pa mitengo ya chaka chimenecho, ndalama zija zikanagula matumba 7 a feteleza. Botolo la vinyo limalowa mamililita 750, omwe ndi matambula 5 basi, kutanthauza kuti tambula iliyonse inali madola 56. Mphatso sawerengera mtengo, inde, koma lisiti ukaliona sungathenso kulichotsa m'mutu.

Tsono ndiyenera kuchitira chilungamo botololi, pakuti si ndalama zonse zimene zili utsi. Chigwa cha Napa n'chaching'ono. Chimatulutsa magawo 4 okha pa 100 alionse a vinyo wa ku California. Mu 1968 boma la m'deralo linakhazikitsa lamulo loteteza minda kuti isasanduke mapuloti a nyumba, ndipo mu 1981 dzina loti Napa Valley linavomerezedwa kukhala dzina lotetezedwa. Munthu sangalilembe pa botolo pokhapokha magawo 85 pa 100 a mphesa zake atachokera m'chigwamo. Alimi a mphesa zabwino amathothola dala zipatso zina zikadali zaziwisi kuti zotsalazo zikhwime bwino, monga timachitira popatulira chimanga. Ambiri amakolola ndi manja usiku, kukuzizira. Vinyoyo amakhala m'migolo ya matabwa a oak kwa chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, ndipo mgolo umodzi watsopano wochokera ku France, wolowa malita 225, umaposa madola 1,000. Palinso tsoka limene mlimi aliyense amalidziwa: mu 2020 moto wolusa unabuka m'chigwamo nthawi yokolola, utsi unalowerera mphesa, ndipo ambiri sanapange vinyo wofiira chaka chimenecho.

Komabe tiyeni tiwerengetsere monga tichitira ndi fodya. Mu 2023 tani imodzi ya mphesa za Cabernet za ku Napa inkagulidwa pafupifupi madola 9,000, ndipo tani imatulutsa mabotolo ngati 700. Ndiye kuti mphesa za m'botolo limodzi ndi madola 13. Mgolo uja, ukaugawa pa mabotolo 300 amene umadzaza, ukuwonjezera madola 4. Ngakhale titati botolo langa linachokera m'munda wapamwamba, mphesa zake n'kukwera mtengo katatu, tikaphatikiza galasi, chotsekera ndi pepala, sitifika madola 60. Nanga ena 220 aja akulipira chiyani? Ena ndi a msonkho, ena ndi a ogulitsa m'sitolo ndi amkhalapakati. Otsalawo akulipira dzina.

Dzinalo lili ndi tsiku lake lobadwa. Pa 24 Meyi 1976, Mngelezi wina wogulitsa vinyo ku Paris, Steven Spurrier, anaitana akatswiri 9 a Chifalansa kuti alawe vinyo wa kwawo ndi wa ku California mayina atabisidwa. Nthawi imeneyo anthu ankauona vinyo wa ku America ngati chakumwa cha anthu osadziwa kanthu. Zotsatira zitatuluka, pa vinyo wofiira anapambana anali wa Stag's Leap Wine Cellars wa chaka cha 1973, wochokera ku Napa, atagonjetsa mayina akuluakulu a ku Bordeaux. Kuchokera pamenepo mitengo inayamba kukwera osayang'ananso m'mbuyo. Mu 2000, pa malonda okweza mtengo othandiza osowa, botolo limodzi la malita 6 la Screaming Eagle linagulidwa madola 500,000. Ndipo m'dziko lomwelo la California, kuyambira mu 2002, sitolo za Trader Joe's zinkagulitsa vinyo wa Charles Shaw pa madola 1.99, anthu n'kumamwa mokondwa.

Chimene chimandisekesa m'nkhani ya ku Paris n'chakuti Napa inatchuka chifukwa cholawa mayina atabisidwa, koma lero chimene chimagulitsa vinyo wake ndi dzina lomwelo. Mu 2008 akatswiri a ku Caltech ndi ku Stanford anapatsa anthu 20 vinyo wa Cabernet uku akuwajambula ubongo ndi makina a kuchipatala. Vinyo wa madola 90 anawapatsa kawiri: koyamba anawauza mtengo weniweni, kachiwiri anawanamiza kuti ndi wa madola 10. Anthuwo anati woyambayo ndiye wokoma, ndipo mbali ya ubongo imene imamva kukoma inagwiradi ntchito kwambiri pamene ankaganiza kuti akumwa wodula. Sankanama ayi. Mtengo unawakomeradi. Ine zimenezi ndinaziona kalekale popanda makina: mlendo akayang'ana mndandanda n'kuloza wa pansi penipeni, wodulitsitsa, ankayamba kugwedeza mutu ndisanathire n'komwe.

Patatha masiku atatu ndinaganiza zochita Paris yangayanga ku Sakubva. Ndinapita m'tauni n'kugula vinyo wofiira wa ku South Africa wa madola 6. Madzulo ndinatsegula mabotolo onse awiri n'kuwasiya ola lathunthu kuti apume, monga ndinkachitira kuhotela. Mdzukulu uja ndiye anathira ali kukhitchini, m'makapu a tiyi ofanana, ataika kadontho ka choko pansi pa ena. Tinalipo anthu 5: ine, mayi a kunyumba, mphwanga, mkulu wina woyandikana naye nyumba, ndi alamu anga amene amalima khofi ndi nthochi ku Honde Valley.

Ine ndinazindikira ndisanamwe. Kapu imodzi inkanunkhira mabulosi akupsa kwambiri, chapatali kafungo ka matabwa ndi ka fodya wochizidwa bwino. Poumwa unagwira m'kamwa ngati nthochi yosapsetsa, kenaka unafewa, ndipo kukoma kwake kunakhalabe pa lilime ndikawerenga mpaka 30. Winayo anali wabwino ndithu, wotsekemera pang'ono, koma ukangomeza nkhani yatha. Ndinakhala chete kwa kanthawi. Ndinali kuganiza za madzulo onse aja amene ndinaima kumbuyo kwa mpando, nsalu ili pamkono, ndikuyang'ana anthu akumwa chinthu chimene ndinkangochidziwa ndi mphuno.

Mayi a kunyumba anasankha wa madola 6, nati winayo ndi wowawa ngati tiyi woiwalika pa moto. Mkulu woyandikana nafe anati onse awiri sakufika pa masese a mapira a kwawo ku Dedza. Alamu anga ananunkhiza kawiri, anazunguza m'kamwa, naloza wa ku Napa mosakayika. Mphwanga, mwini mphatso, analoza wa madola 6.

Mdzukulu atatembenuza makapu, mnyamatayo anagwetsa nkhope. Ndinadziwa pomwepo kuti ndalakwa. Ndinafuna kuyesa botolo, koma amene ndinamuyesa ndi mwana wa mlongo wanga, pamaso pa anthu, patangotha masiku atatu tivundukule chiliza cha mayi ake. Anaseka nawo, koma kuseka kwake kunali kwa munthu woponderezedwa chala ndi chitseko.

Anatipulumutsa ndi alamu. Atafunsidwa kuti anadziwa bwanji, anati alangizi anawaphunzitsa kulawa khofi wawo yemwe, kuti azisiyanitsa wothyoledwa atafiira bwino ndi wosakaniza ndi wamuwisi, wouma pa thandala ndi wouma pa dothi. "Lilime n'ngati khasu, achimwene," anatero, "limathwa ukamaligwiritsa ntchito." Ananena zoona. Mu 2017 anyamata anayi a ku Zimbabwe kuno amene anapita ku South Africa kukasaka ntchito, Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu, anakaimira dziko lino ku France pa mpikisano wa dziko lonse wolawa vinyo mayina atabisidwa. Kusiyana kwa vinyo kulipodi, ndipo kumaphunzirika. Funso n'lakuti kusiyanako n'kwa ndalama zingati.

Yankho langa ndi ili. Wa ku Napa anaposa mnzakeyo, mwina katatu, mwina kanayi. Koma mtengo wake unaposa ka 46. Kwa munthu wa ku Sakubva amene denga lake likudontha, botolo limenelo silikwana mtengo wake, ndipo ndikanakhala ndi madola 280 m'manja sindikanaligula. Sindikuchita manyazi kutero.

Koma usiku womwewo alamu anandionetsa mbali ina imene ine woperekera sindinaiganizire. Anatenga botolo lopanda kanthu lija, nayamba kuwerenga zolembedwa pa pepala lake: dzina la chigwa, dzina la munda, chaka chokolola. "Taonani," anatero, "awa alemba ngakhale munda. Khofi wanga kwa zaka zambiri ankachoka m'thumba lopanda dzina, n'kukasakanizidwa ndi wa anthu ena. Ubwino wake ankadyera ndi wina."

Alimi anzanga amene mukuwerenga magazini ino mukuidziwa mbiri imeneyi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Zimbabwe inkakolola khofi wokwana matani pafupifupi 15,000 pa chaka, wambiri wochokera m'mapiri ano a kum'mawa, ku Chipinge, ku Vumba ndi ku Honde. Kugwa kwa mitengo pa msika wa dziko lonse, kusintha kwa umwini wa mafamu kuyambira mu 2000 ndi mavuto a chuma zinachititsa kuti pofika mu 2017 zokolola zitsike kufika pa matani ngati 500. Ambiri anazula khofi n'kubzala nthochi. Mu 2019 kampani ya Nespresso, mogwirizana ndi bungwe la TechnoServe, inayamba kugulitsa khofi wa alimi a kuno ndi dzina loti Tamuka mu Zimbabwe. Alamu akuti kwa iwo chachikulu n'chakuti munthu wa ku Geneva kapena ku New York analipira ndalama zoonjezera chifukwa choona dzina la dziko lino pa paketi. Dothi ndi lomwe lija, mitengo ndi yomwe ija. Chinasintha ndi kathyoledwe, kaumitsidwe, ndi dzina.

Choncho chinthu chomwecho chimene ndinkachiona ngati utsi m'botolo la mphwanga ndicho chimene mlimi wa ku Honde akuchifunafuna. Ndinavomera, koma ndinawafunsa kuti ndalama za dzinazo zimatsikira mpaka kwa yani. Amene amathyola mphesa ku Napa usiku, tochi ili pamphumi, ambiri ndi anthu ochokera ku Mexico, obwera kudzasaka ntchito monga anabwerera bambo anga. Mu 1965 antchito a m'minda ya mphesa ku Delano, m'dziko lomwelo la California, motsogozedwa ndi Larry Itliong ndi Cesar Chavez, ananyanyala ntchito, ndipo panatenga zaka 5 kuti eni minda asaine nawo mgwirizano. Pa pepala la botolo langa panali dzina la munda ndi la mwini wake. La wothyola panalibe. Alamu anangoti kalabu yawo ikadzakhala ndi makina akeake osendera khofi, tidzakambirananso.

Tsiku loti mphwanga anyamuke ndinamuperekeza kukakwera basi ya ku Harare. Tili chiimire ndinamupepesa pa za makapu zija. Iye anati palibe kanthu, kenaka anandiuza chimene sindinkachidziwa: kuti ali mwana, mayi ake ankamutuma kudzandidikira pa geti la antchito la hotela ija kumapeto a mwezi, ndipo ankandiona pa windo nditavala jekete loyera, ndikuweramira anthu. "Sindinagule kuti ndimve kukoma ine, malume," anatero. "Ndinkafuna mukhale pansi wina akuthirireni." Ndinamukumbutsa kuti wotsegula ndinali ine ndemwe, ndipo tinamwera m'makapu a tiyi. Apa anaseka zenizeni.

Za denga sindinamuuze. Anamuuza ndi azakhali ake, mayi a kunyumba, amene sadziwa kuzungulira nkhani, ndipo malata 12 anafika mu Okutobala mvula isanagwe. Botolo lija alamu anapita nalo ku Honde kuti akaonetse anzawo a m'kalabu mmene anthu ena amalembera dzina la munda pa katundu wawo. Analonjeza kulibweza pa Khirisimasi ya chaka chomwecho. Mayi a kunyumba amalifunsabe, akuti galasi lake n'lokhuthala bwino, lingasunge mafuta ophikira.